Filimu Imene Ndinabereka Kumsana

Linali Lachiwiri, nyengo yokumba mtedza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi mwana mmodzi wa kubere, dzina lake Tiyezge. Mudzi wathu unali kumwera kwa Chadiza, pafupi ndi malire a Mozambiki. Kutsidya kwa malirewo kunali nkhondo. Tinali titazolowera kuimva patali, monga bingu la mvula yogwa kwa eni ake.

Amuna anga, a Yotamu Nyirenda, anali ojambula zithunzi. Kwawo kunali ku Magodi, m'boma la Lundazi, kumene ine ndinali ndisanapondeko. Ankazungulira midzi pa njinga, kamera yakuda ili pakhosi, kujambula maukwati, maubatizo ndi ana a sukulu. Filimu ikatha ankapita nayo ku Chipata kukaitsukitsa, ndipo pobwera ankapereka chithunzi chilichonse m'manja mwa mwini wake. Ankati kudina batani ngakhale nyani angathe. Wojambula, iwo ankatero, ndi amene amabweza nkhope kumene anaitenga.

Malamulo awo anali awiri. Dzuwa likhale kumsana kwa wojambula. Chitseko cha kumbuyo kwa kamera chisatsegulidwe filimu isanakulungidwe kubwerera m'kachitini kake, pakuti kuwala kumapsereza nkhope.

Mmawa umenewo ndinawadandaulira kuti ajambula dziko lonse, koma iwo eni alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Anaseka, nandikoleka kamera pakhosi. Anakaima patsogolo pa nkhokwe, atavala malaya oyera ndi chipewa chawo chamlaza.

"Gwirani mpweya podina, a Naphiri," anatero.

Ndinagwira mpweya, ndi kudina. Kazenera ka pamwamba pa kamera kanasonyeza nambala 31. Anandiuza kuti zatsala zisanu, ndipo zikatha adzandiphunzitsa kukulunga filimu.

Kamera ikali pakhosi panga, agalu a kumunsi kwa mudzi anayamba kuuwa onse pamodzi. Mfuti inalira kawiri. Kenaka inalira mosalekeza, ngati nsungwi zikupsa. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Nkhuku zinalowa pansi pa nkhokwe. Mkazi wina anadutsa pabwalo pathu akuthamanga, musi uli m'manja, ataiwala kuutaya.

Amayi anga ankakhala kumunsi komweko, ndipo miyendo yawo inali yotupa. A Nyirenda anatenga njinga kuti akawatenge. Anandiuza kuti ndilunjike kumpoto, ndisatsate msewu, ndipo tikasowana ndipite ku Magodi kwa amayi awo. Potuluka, chipewa chinakodwa pampanda ndi kugwa. Sanabwerere kudzachitola. Inenso sindinachitole.

Ndinaika kamera kumsana, mwana pamwamba pake, ndi kumanga chitenje. Ngodya ya kamerayo inandibaya pafupa la msana ulendo wonse. Chipsera chake ndili nacho lero.

Ndinadzera m'minda ya chimanga. Mapesi anali ouma ndipo ankasokosera pa phazi lililonse. Ndinayesa kuyenda pang'onopang'ono, anasokoserabe. Ndinathamanga.

Dzuwa lili paliwombo ndinafika kudambo, ndipo m'bango ndinapezamo anthu a kwathu asanu ndi awiri. Palibe anapereka moni. Tinagona chafufumimba m'matope. Tiyezge atayamba kulira ndinamusunthira kutsogolo ndi kumutseka pakamwa ndi bere. Nyerere zinandikwera m'miyendo, ndipo ndinazileka zilume.

Pamtunda, patali ndithu, panadutsa mzere wa anthu osenza matumba pamutu. Anthu a mfuti anali kutsogolo ndi kumbuyo kwawo. Ankalowera kumalire. Ndinafunafuna malaya oyera mumzeremo. Ndinawerenga atatu.

Madzulo tinafika pamtsinje. Madzi anali ofika pachifuwa. Mkulu wina wa mpingo, a Mvula, anandilandira mwana namukweza paphewa. Ine ndinakulunga kamera m'duku ndi kuisenza pamutu ngati mtsuko. Mayi wina wotchedwa Nasakala, amene mwana wake wamkazi anali atangokwatiwa mwezi womwewo, anandiyang'ana ndi diso lofiira.

"Inu mtsikana, mwana mwapatsa eni, inu mwasenza chitsulo? Mudzachiphika?"

"Mwana wanu ali m'menemu, amayi, ndi diresi lake loyera," ndinayankha.

Pakati pamtsinje, pamene phazi langa linaterereka pamwala, ndi Nasakala amene anandigwira chigongono.

Tinayenda masiku awiri. Tinadya mtedza wauwisi wa m'minda ya anthu osawadziwa. A Mvula ankapepesa mokweza kwa mwini munda aliyense, ngakhale kuti panalibe womva.

Tsiku lachitatu tinafika pasukulu ina pamene othawa ankasonkhana. Panali asilikali a boma lathu. Mmodzi anaona lamba wa kamera akulendewera m'chitenje, nandilamula kuti ndimupatse. Anaitembenuza, chala chake chikufunafuna potsegulira. Ndinagwada. Ndinamuchonderera m'Chingerezi chimene masisitere a kumishoni anandiphunzitsa, ndi mawu aulemu onse amene ndinawakumbukira. Anandiyang'ana matope m'tsitsi, anayang'ana mwana, nandibwezera kamera ili chitsekere.

Pasukulupo ndinakhala masiku asanu ndi anayi. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinkayenda kuchokera pamtengo wa mango kufika pamphambano, ndi kubwerera, ndi kupitanso. Njinga iliyonse ndinkaimva isanaoneke.

Tsiku lachisanu ndi chinayi inafika ngolo ya ng'ombe, ndipo munali amayi anga. Anandifotokozera mwachidule. A Nyirenda anawanyamula pa njinga kufika nawo m'nthochi za kuseri kwa mudzi, nawafunditsa masamba ouma. Pobwerera kunjira anakumana ndi anthu a mfuti. Amayi anaona zonse kudzera m'masamba. Anthu aja anatenga njinga, ndipo a Nyirenda anawasenzetsa thumba la mchere.

Amayi anatsala kwa alongo awo ku Chadiza. Anandiuza kuti ndipite kumene amuna anga ananena, chifukwa akapulumuka adzayambira kumeneko kundifuna.

Ndinakwera lole mpaka ku Chipata, ndi ina yopita ku Lundazi kukatenga chimanga. Dalaivala wake anandiona ndili chiimire pambali pamsewu, nafuula kuti, "Bwelani amai, kwelani kumbuyo, mugwililile mwana!" Msewu unali wa maenje okhaokha. Ndinakhala pa matumba opanda kanthu, dzanja limodzi pamutu pa mwana, lina pa kamera, kuopa kuti chitseko chake chingatseguke ndi kugwedezeka. Ndinadziwa chinthu chimodzi: amuna anga aima patsogolo pa nkhokwe m'kati mwa kabokosi aka, ndipo palibenso kwina padziko pamene nkhope yawo inasungidwa.

Ndinatsikira pa Msika wa Lundazi. Anthu ankayankhula Chitumbuka, ndipo ndinkangotolamo mawu amodziamodzi. Mayi wina wogulitsa nyemba anandipatsa madzi, nandipezera ngolo yopita ku Magodi.

Apongozi anga, a NyaMtonga, ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Anati, "Monile," monga kwa mlendo aliyense. Kenaka anayang'ana makutu a Tiyezge, ofanana ndi a atate ake, ndipo lichero linapendekeka pamiyendo pawo.

"Wali nkhu mwana wane?" anafunsa, ndiko kuti, ali kuti mwana wanga.

Ndinawafotokozera za thumba la mchere. Anali asanamuone mwana wawo zaka zinayi. Pofuna kuwatonthoza ndinamasula kamera, ndinaiika pamphasa, ndi kunena kuti chithunzi chawo chili m'menemu. Za kuwala sindinanene. Ndinali wotopa, ndipo ndinkayesa kuti aliyense amadziwa.

Anandilandira ngati mwana wobala okha. Ananditenthetsera madzi, nandipaka mafuta pachilonda cha kumsana. Anandipatsa dzina monga mwa kwawo, NyaPhiri.

Tsiku lachitatu, masana, ndinapita kuchitsime. Pobwera ndinawapeza atakhala pabwalo, padzuwa, kamera ili pamiyendo. Chitseko chake chinali chotsegula. Ankasuzumira m'kati, akuyang'ana kansalu kofiirira ka filimu, ndi kuipendeketsa kuti dzuwa liwathandize kuona bwino.

"Mulije munthu muno, mukamwana," anatero, kutanthauza kuti mulibe munthu muno, mpongozi.

Ndowa inagwa kuchokera pamutu panga. Ndinathamanga, ndinatseka chitseko chija ndi manja onyowa. Iwo anayang'ana nkhope yanga, ndipo anazindikira okha. Anafunda chitenje kumutu. Madzi anayenderera pabwalo kufika pamphasa, ndipo tonse awiri tinangowayang'ana. Madzi akatayika saoleka. Cholakwa chinali changa: ndinawauza theka la nkhani.

Mmawa mwake ndinanyamuka wapansi kupita kuboma ku Lundazi. Kuseri kwa msika kunali kanyumba ka wojambula wina wachikulire, a Mwale. Analowetsa kamera m'thumba lakuda, napisamo manja, ndipo ndinamva filimu ikukulungika. Anandiuza zoona zokhazokha. Anati kuwala kumadya kuyambira kunja kulowa m'kati, ndipo zithunzi zomaliza kujambulidwa ndizo zimakhala kunja. Zoyamba mwina zapulumuka. Anatumiza filimu ku Chipata pa basi.

Ndinadikira masabata atatu. Loweruka lililonse ndinkafika pakanyumbako, ndipo a Mwale ankangopukusa mutu ndisanafike pakhomo. Kunyumba ndinalima mizere imene sinafunike kulimidwa. Apongozi ankanditsatira ndi maso, osafunsa.

Loweruka lachinayi anandipatsa envulopu. Munali zithunzi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ziwiri zomaliza zinali ndi m'mphepete mofiira ngati zalawa moto. Ndinapempha filimu yeniyeniyo, ndinaiyang'ana pazenera, ndi kuwerenga manambala a m'mbali kufika pa 31. Panali mdima wokhawokha.

A Mwale anandileka ndikhale kanthawi. Kenaka anayala zithunzi pathebulo, nandifunsa ngati anthuwa ndikuwadziwa. Ndinawatchula mmodzimmodzi. Mwana wa Nasakala ndi diresi lake loyera. A Mvula atanyamula buku la nyimbo. Mapasa a aphunzitsi. Amayi a kwaya. Ena mwa iwo ndinkadziwa kale kuti sanafike pasukulu paja.

"Ndiye muli ndi ulendo, amayi," anatero. "Eni ake akudikira. Bwerani kuno ndikusonyezeni kakulungidwe ka filimu."

Ku Magodi ndinaika zithunzi pamphasa patsogolo pa apongozi. Ndinawauza kuti cha mwana wawo chinapsa. Anangogwedeza mutu, nayamba kuziyang'ana chimodzichimodzi, anthu osawadziwa a dziko losalidziwa. Atafika pa chithunzi cha amayi anga atakhala pakhonde mmawa, anaima. Sanayang'ane amayiwo. Anaika chala m'munsi mwa pepala, padothi.

Pamenepo panali chithunzithunzi chachitali cha munthu wa chipewa, zigongono zitatambasuka, mutu utapendekera kumanzere. Chinkafika pa mapazi a amayi anga. Dzuwa linali kumsana kwa wojambula, monga mwa lamulo lake.

"Yotamu," anatero. Anati mutu wakewo ankaupendeketsa chomwecho kuyambira ali wamng'ono, akafuna kuonetsetsa kanthu.

Tinamupeza m'zithunzi zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi chimodzi zinali za eni. Cha amayi anga chokha ndicho ndinali ndi mphamvu yopereka, ndipo ndinawapatsa apongozi. Anachisunga m'Baibulo lawo la Chitumbuka kufikira tsiku la imfa yawo.

Nkhondo ya kutsidya itatha, ndinabwereka njinga ya alamu anga, ndinaikweza pa lole, ndi kubwerera kumwera. Anthu a kwathu anali atabalalika. Ndinawafunafuna m'midzi ya Chadiza ndi Katete, envulopu ili pachifuwa. Nasakala ndinawapeza akupeta mapira pakhomo pa achibale awo. Analandira chithunzi ndi manja awiri. Mwana wawo anali mumzere uja wa pamtunda.

Zithunzi khumi ndi zinayi zinafika kwa eni, kapena kwa otsala awo. Zinayi ndikali nazo m'chitini. Ndimafunsabe alendo ochokera kumwera.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikujambula anthu a ku Magodi, ku Chikomeni ndi pa Msika wa Lundazi pano, ndi kamera yomweyo kufikira pamene inakalamba. Ana a masiku ano amajambula ndi foni zithunzi zosawerengeka, ndipo amandifunsa kuti ndinakhala liti wojambula. Sindiwerengera tsiku lija ndinadina koyamba, pakuti chithunzi chake sichinaoneke. Ndimawerengera tsiku limene Nasakala anatambasula manja awiri.

Amayi anga anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi. A Mvula anabwerera kumudzi namanganso tchalitchi. Mwa osenza matumba, ena anabwerako mmodzimmodzi. A Nyirenda sanabwere.

Tiyezge atafika zaka zisanu ndi ziwiri anandifunsa kuti atate ake ankaoneka bwanji. Ndinamutulutsa pabwalo la agogo ake mmawa, ndinamuimika dzuwa lili kumsana, ndi kumuuza kuti ayang'ane pansi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Mutu wake unali utapendekera kumanzere.