Nkhuku imene inatisankhira chobowolera

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anapita ku Balaka kukagula chobowolera cha batire atatenga nkhuku ngati sikelo. Ndinali Sitandade 4, ndipo nkhukuyo ndinanyamula ndine, choncho wina asandiuze kuti ndikukokomeza.

Ababa anali a kabaza pa Ntaja. Tsiku lina anagwa ndi njinga atanyamula matumba awiri a nandolo, ndipo phewa lamanja silinabwererenso mwakale. Ankatha kudya, ankatha kutiloza ndi chala tikalakwa, koma kukweza hamala kupitirira mutu kunkawakanika. Ndiye chitseko chathu, chopanda chisoni, chinaguluka hinjesi yapamwamba nyengo yomweyo. Polowa m'nyumba tinkayamba tachinyamula ngati wodwala.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amayesedwa ndi manja ake. Amalume, achimwene awo a amayi, anagwedeza chitsekocho tsiku lina n'kunena kuti, "Alamu, musavutike. Loweruka ndibwera ndi hamala yanga." Mawu abwinobwino, koma ababa sanadye tsiku limenelo. Chitseko cha mkamwini chikakonzedwa ndi mwini mbumba, mudzi wonse umadziwa kuti mwamuna wa pakhomopo watha ntchito.

Mnzawo wa kabaza anawauza kuti ku Balaka kuli kachipangizo kopanda chingwe, kamabowola thabwa n'kupotera timisomali kokha. Chinatsala n'kudziwa ngati mkono ukakakweza. Lachitatu m'mawa ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyesa. Njerwa inakana. Nkhwangwa inakana. Kenako kunadutsa thadzi lathu lamawanga, ndipo analigwira miyendo n'kulikweza mpaka pamwamba pa mutu, nthenga zikuwagwera kumaso.

"Basi, sikelo yapezeka," anatero.

Amayi anafunsa kuti, "Bambo a Asiyatu, nkhuku ikukatani ku Balaka?"

"Ikukagwira ntchito."

Mu minibasi munkanunkha nsomba zouma za ku Chiuta ndi dizilo, ndipo nkhuku inkandiwotcha m'khwapa mpaka diresi linanyowa. Ndinachita manyazi njira yonse, makamaka pa Liwonde pamene mayi wina anaifinya chidali n'kufunsa ngati ili ya malonda.

Sitolo ya hadiweya inkanunkha penti ndi mphira. Mwini wake, bambo wa ndevu za imvi, anayala zobowolera zinayi patebulo. Anafotokoza modekha kuti chachikulucho n'cha makoma a simenti, chinacho chili ndi mabatire awiri, koma wa chitseko ndi timashelefu kakang'ono kamamukwanira. Ababa sanamveko n'limodzi lomwe. Ankakweza nkhuku, kutsinzina, kundipatsira, kenako kukweza chobowolera. Choyamba chinathera pachifuwa. Chachiwiri chinafika pakhutu. Pakhomo la sitolo panali patadzaza anthu, ena atasiya njinga zawo pamsewu.

Tikufika pa chachitatu, nkhuku inandipulumuka, n'kukhala m'bokosi la misomali. Inadzuka ikutetera, itasiya dzira lofunda.

Ine ndinaseka, koma ababa nkhope inagwa. "Sikelo yawonongeka," anatero. "Yapepuka. Si nkhuku imene ndinakweza kunyumba ija."

Mwini sitolo sanaseke, ndipo mpaka lero ndimamulemekeza. Anasisita ndevu zake, n'kulangiza kuti dziralo libwezeredwe pa sikelo. Analimanga m'kampango, n'kulimangirira ku miyendo ya nkhuku. Ababa anakweza nkhuku ndi dzira lake, kenako chachitatu chija, chimene chinathera pamphumi, n'kumalizira ndi chobowolera chomaliza, kakang'ono kobiriwira. Kanafika pamwamba pa mutu. Anthu apakhomo aja anaomba m'manja ngati mpira walowa.

Kwathu kunalibe magetsi, ndiye Lachinayi lonse kachipangizoko kanaswera kwa ometa tsitsi pa Ntaja, batire yake ikutchajidwa pakati pa mafoni a anthu.

Lachisanu masana tinazindikira chimene nkhuku sinatiuze. Kukweza chinthu n'kosiyana ndi kuchigwira m'mwamba chikunjenjemera, uku ukukankha. Ababa anakwera pa mpando, ine nditachirikiza chitseko ndi njerwa. Kachipangizo kanalira, mkono n'kuyamba kutsika wokha. Anayesa kachiwiri, kachitatu, thukuta likudontha pachibwano. Ndinamva mantha, chifukwa ndinali ndisanawaonepo ababa akufuna kulira.

Amayi anasiya lichero. Anabwera n'kuima pafupi ndi mpandowo, phewa lawo pansi penipeni pa chigongono cha ababa, maso ali pa felemu.

"Musandisamale," anatero. "Ndikungoona ngati muno mwalowa chiswe."

Chiswecho anachifunafuna mpaka timisomali tonse tinayi tinalowa. Sanachipeze, ndipo ababa sanafunse.

Loweruka amalume anafika ndi hamala yawo. Anatsegula chitseko, anatseka, anatsegulanso, kenako hamala ija anaibisa kumbuyo. Amayi anafuna kuwaphera thadzi lija, koma ababa anakana kwamtuwagalu. "Iyayi. Sikelo saphera mlendo." Amalume anadyera dzira limodzi lija ndi chisoso, ndipo nkhukuyo inadzafa ndi ukalamba.

Masiku ano zinthu zinasintha. Magetsi anafika kwathu, zobowolera zili mbwee m'masitolo, ndipo kulemera kwake amalemba pakatoni, moti palibenso wonyamula nkhuku. Mwezi watha ndinagula china ku Balaka, chopepuka kuposa chija, chifukwa hinjesi yomweyo yayambanso kugwedera. Amayi anatisiya, ndipo ndimawasowa kwambiri. Ababa, ndi imvi zawo, anakana kuti ndiitane kalipentala. Anakwera pa mpando, mkono n'kuyamba kutsika.

Ndinasendera pafupi, n'kuwauza kuti ndikungoona ngati muno mwalowa chiswe.