Dothi la Pansi pa Katope

Kamtsinje kaja kanalibe dzina loti munthu n'kulemba pa envulopu. Tinkangoti kudambo. Kankachokera kuphiri, n'kudutsa kumunsi kwa msika wa pa boma la Mchinji, kakuyenda mwaulesi pakati pa bango. M'mawa wa mwezi wa Juni nkhungu inkagona pamenepo mpaka dzuwa litakwera, moti amayi tikamatsika kukatunga madzi unkangoona ndowa zokha zikuyandama, eni ake osaoneka. Lero mukapita mukapeza mpanda wa njerwa, nyumba yogona alendo ya penti wachikasu, ndi anyamata otsuka magalimoto. Amati ndi chitukuko. Chabwino, ine sindikana. Koma ndimadziwa chimene chili pansi pake.

Ine ndi amuna anga tinachokera ku Dedza kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Ludzi. Tinakhalako zaka zinayi, n'kutulukako ndi mphasa, mapoto awiri ndi chifuwa chosatha. Tinabwera pa boma n'kupeza kanyumba ka udzu pafupi ndi dambolo. Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati, pakati panga poyamba.

Mwanayo anabadwa osalira.

Kwathu mwana wotere sitimuyesa maliro, timati mtayo. Sipakhala bokosi, sipakhala nyimbo. Amuna sayandikira, ndipo sauzidwa kumene waikidwa. Amayi akuluakulu okha ndiwo amamukulunga m'kansalu n'kupita naye. Dzenje lake sakumba lakuya, akuti ukazamitsa watseka mimba ya mayi wake. Mayiyonso saloledwa kulira. Amene anandithandiza pobereka anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa ku Mulanje, wamfupi, wa manja olimba ngati a mwamuna. Anandigwira chibwano nati, "Ukalira sudzaberekanso. Meza." Ndinameza. Ngakhale kumugwira mwanayo sanandilole. Ndinangoona kansalu kakutuluka pakhomo.

Patapita sabata ziwiri tinatsika limodzi kukachapa. Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza ndi mlomo mtengo wa katope umene unali m'mphepete mwa madzi. "Pamenepo, mbali ya kotulukira dzuwa," anatero monong'ona. "Ine sindinakuuze kanthu." Chaka chotsatira anabwerera kwawo ku Mulanje. Mnzake amene anapita naye kukaika mwanayo tsiku lija anamwalira. Pa boma ponse ndinatsala ndekha wodziwa malowo.

Ndinagubuduza mwala wanga wochapira n'kuuika pafupi ndi katopeyo. Anzanga ankandiseka, ati ndimakonda mthunzi ngati galu wa mzungu. Ndinkawasiya aseke. Pamenepo ndinkakhala ngati ndili kutulo. Atombolombo ankatera pa bango n'kuuluka, akakowa ankayenda pang'onopang'ono m'madzi osafika m'mawondo, ndipo zipatso za katope zikapsa zinkagwera m'madzi, tho! tho!, zakuda zofiirira. Katope akabereka ndinkadziwa kuti mwana wanga wakwanitsa chaka china. Ndinkamuona m'maganizo akukwawa pa udzu, chaka china akuyenda dzandidzandi, chaka china akutola zipatsozo m'kamwa muli bii. Ndinkamukalipira ndithu, chamumtima: iwe, usayandikire madziwo! Pambuyo pake ndinabereka ana awiri aamuna, amoyo, aphokoso, koma kudambo ndinkapita kwa woyamba uja.

Kenako anabwera matipate, ndipo pa boma panayamba kumera nyumba ngati bowa. Aliyense amene anagulitsako zitenje za ku Chipata kawiri katatu ankafuna golosale yake. Wina chigayo, wina malo ogona oyendetsa malole opita ku Mwami, wina tchalitchi chatsopano cha malata onyezimira. Madzulo ukayang'ana kuchokera kudambo unkaona makoma osatha, opanda denga, dzuwa likulowa kudzera m'mazenera opanda magalasi. Zinali zokongola, ndisaname. Fumbi la simenti linkayandama mumpweya ngati ufa wa m'chigayo, ndipo tonse tinkayenda ngati tauzidwa kuti mawa tidzuka olemera.

Makoma onsewo ankafuna njerwa, ndipo njerwa zinkachokera kudambo kwathu. Amuna anga anasema chikombole cha thabwa, chotulutsa njerwa ziwiri nthawi imodzi, n'kuyamba kuumba pamodzi ndi amuna awiri a ku Dambe. Anthu inu, munthu uja anasintha! Pa esiteti ankayenda choweramira, apa anayamba kuimba mluzu. Dothi ankalidziwa ngati mkazi adziwira ndiwo zake. Ankatapa pang'ono, kulinyowetsa ndi malovu, kulipota m'manja mpaka litalike ngati nyongolotsi, n'kulikulunga pa chala. Likathyoka, ndiye kuti ndi la mchenga, ayende. Likapanda kuthyoka, akumba. Akakumba ankathira madzi, n'kuponda matope ndi mapazi, n'kuumba zidina, njerwa zosawotcha zija, n'kuziyala m'mizere padzuwa kuti zikauma zilowe mu uvuni.

Anayambira kumunsi kwenikweni, kutali ndi katope. Koma chilimwe chilichonse maenje ankakwera. Madimba a mpiru anatha, bango linatha, mitengo ya m'mphepete inalowa mu uvuni. Ine ndinkangoyeza ndi maso: chaka chino atsala mapazi zana, chaka chino atsala makumi anayi.

Mungafunse kuti bwanji sindinangowauza. Eya, funsani, pakamwa ndi panu. Inu simunagwidwepo chibwano ndi mayi wa ku Mulanje uja. Ndiponso chilimwe chimene maenje anafika pafupi ndinali ndi pakati pena, pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinkaopa. Ndinkapita kutchalitchi Lamulungu lililonse, kwaya ndinkaimba, koma mantha amenewo sankamva nyimbo. Ndinkati ndikatsegula pakamwa za mtayo kwa mwamuna, uyu ali m'mimbayu atsatira mkulu wake.

Ndiye ndinayamba mabodza. Ndinati, "Bambo, pa katope paja pali mamba, ndaiona ndi maso angawa." Iwo anaseka nati njoka imathawa khasu. Ndinati dothi la pamenepo ndi la mchenga, ndimalidziwa, ndimachapa pomwepo. Anati, "Mayi, mwayamba liti kudziwa dothi? Kapena tikusemereni chikombole chanu?" Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti akandigwetsera mthunzi wanga azichapa okha makabudula awo amatopewo. Anangopukusa mutu n'kuuza anzawo kuti mkazi wapakati ndi mavu, osamuputa. Komabe anandilonjeza kuti mtengowo saudula, ndipo ine, chitsiru ine, ndinagona tulo poganiza kuti ndapambana. Sindinaganize kuti munthu akhoza kusiya mtengo n'kukumba pambali pake.

Tsiku limenelo ndinalawira kusikelo. Mzere unali wautali, ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Ndinatenga mbatata yophika ndi chigubu cha thobwa, n'kutsika kudambo kukawapatsira. Ndikali patali ndinamva mluzu wawo. Kenako ndinaona katope ali chiimire, wathunthu, masamba ake akunyezimira. Mbali ya kotulukira dzuwa kunali dzenje lofika m'mawondo, lotambalala ngati chipinda. Matope anali atapondedwa kale. Pa udzu panali mizere itatu ya zidina zatsopano, zosalala, zikutuluka kanthunzi padzuwa.

"Mayi, bwerani mudzaone!" anakuwa amuna anga, matope ali mpaka m'ntchafu. "Munkati la mchenga? Dothi ili ndi lonona ngati chiponde. Chiyambire sindinaumbepo lotere!"

Chigubu chinandipulumuka. Sindikumbuka kuti ndinayenda bwanji, ndinangozindikira ndili m'mphepete mwa dzenjelo, ndikukuwa mawu amene ndinawasunga zaka zisanu ndi ziwiri. "Mwamuponda! Mwamuponda mwana wanga! Mwana wanu yemwe, bambo, mwamuponda ndi mapazi anuwo!"

Amuna a ku Dambe aja anamvetsa msanga kuposa mwini wake. Anayang'anana, anatsamiritsa makasu awo pamtengo, n'kuchoka mwakachetechete osacheuka. Amuna anga anaima m'matope, chikombole chili m'manja, pakamwa pali yasa.

"Woyamba uja?" anafunsa.

"Woyamba uja."

"Pano?"

"Pomwe mwaimapo."

Anayang'ana mapazi awo. Anatukula phazi limodzi pang'onopang'ono, ngati aponda moto, koma panalibe poti aliike. Anatuluka m'dzenjemo chokwawa ndi manja, n'kukhala pa udzu. Ndinkadikira kuti andikalipire, andifunse chifukwa chimene sindinanene. Akanatero ndikanawayankha, mkwiyo ndinali nawo wokwanira mudzi wonse. Sanatero. Ankadziwa mwambo ngati mmene ndinkaudziwira ine. Ndi mwambo womwewo umene unawakhazika panja pa nyumba tsiku limene mwanayo anabadwa, akusema mpini umene sunkafunika, osafunsa kanthu.

Patapita nthawi anati, "Panalibe chilichonse, mayi. Ngakhale kansalu. Ndikanaona."

"Anali wamng'ono," ndinatero. "Anasanduka dothi kalekale."

Tonse tinayang'ana mizere ya zidina ija.

Kenako anafunsa funso limene sanafunsepo zaka zonsezo. "Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamkazi."

Munthu uja analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo. Inenso chimene ndinameza chija chinakwera chokha, ndipo ndinalira mokweza, masana poyera, mimba ili patsogolo, osasamala za amene akumva kumsika. Ndinalira mtsikana wanga, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma.

Atatha anaimirira, anasamba m'manja m'kamtsinje, n'kupita pa mzere woyamba. Zidina zinali zisanaume, zinali zofewa. Ananyamula chimodzi ndi manja awiri, n'kutsika nacho m'dzenje, n'kuchiika pansi mosamala. Anabwerera, natenga china. Wilibala inali pomwepo koma sanaikhudze. Njerwa zimenezo panali munthu amene ankazidikira kuti amalize sitolo yake, ndipo ndinadziwa kuti mawa kudzakhala phokoso. Iwo ankangopita n'kubwera, kupita n'kubwera, mpaka mthunzi wa katope unatembenuka n'kudzagona pa dzenjelo.

Malowo sitinathe kuwateteza, sanali athu. Patapita zaka zitatu anagulidwa, katope anadulidwa, mpanda uja unamangidwa, ndipo amuna anga anakana kuumba njerwa zake. Mwana amene ndinali naye m'mimba anabadwa bwinobwino, wamwamunanso, lero ndi telala. Koma zimenezi ndi za pambuyo.

Tsiku lija, chitatsala chidina chimodzi pa udzu, amuna anga anachinyamula koma sanatsike nacho m'dzenje. Anabwera pamene ndinakhala, nagwada.

"Mayi, paja sanakuloleni kumugwira," anatero.

Ndinatambasula chitenje pamiyendo, iwo anachiika. Chinali chofunda ndi dzuwa, cholemera pang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo pambali pake panali chidindo cha chala cha bambo ake. Ndinakhala nacho mpaka anyamata anga anabwera kudzatiitana kuti kunyumba kulibe moto.