Wopanda Gadiyani

Valavu yoyamba ya mtima wanga, kachitseko kowongolera magazi, madokotala anaiika mwamuna wanga adakali moyo. Inali ya nyama ya ng'ombe, ndipo iye ankandiseka kuti tsiku lina ndidzayamba kudya msipu. Chaka chatha inatopa. Masitepe a fulati yanga ku Nechells, kudziko la eni kuno, ndinkawakwera mopumira panjira kawiri.

Dokotala, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, anandijambulira papepala. Anati sang'ambanso chifuwa. Alowetsa valavu yatsopano kudzera mumtsempha wa m'ntchafu n'kuikhazika mkati mwa yakaleyo. Vuto linali timakomo tiwiri pamwamba pake, pomwe pamayambira mitsempha yodyetsa mtima. Yakaleyo ikakankhidwira m'mbali ikhoza kutitseka. "Tiyenera kutisiya totsegula," anatero, "kuti magazi azidutsa, komanso kuti tikadzafuna kulowamo m'tsogolo tidzapeze njira."

Kenako anafunsa amene adzandidikirire. Kwathu funso limeneli kulibe. Wodwala aliyense amakhala ndi gadiyani, wogona pansi pa bedi, wokuchapira, wokangana ndi manesi m'malo mwako. Ndinangoyankha kuti ndiona.

Ndiona chiyani, ine! Kutchalitchi ku Sparkhill amayi akandipatsa moni, ine, "Ndili bwino, kaya inu." Mwana wanga wamkazi wa ku Telford, wa mashifiti osatha ndi ana awiri, akaimba foni, "Ndili bwino, mwanawe." Kwathu ukayankha choncho munthu amakuyang'ana kumaso n'kuona yekha kuti milomo yauma. Pafoni aona bwanji? Ndinkadikira kuti wina andikakamize kunena, ndipo chamumtima ndinkawakwiyira onsewo chifukwa chondikhulupirira.

Tsiku la opaleshoni ndinapita ndekha kuchipatala pabasi, kachikwama m'manja. Nditatsitsimuka dokotala anabwera akumwetulira: valavu yakhala bwino, timakomo tonse tiwiri n'totsegula. Ndinathokoza. Pampando wa alendo pafupi ndi bedi panali jekete langa basi. Ndinasungulumwa koopsa, sindibisa.

Tsiku lotuluka nesi anafunsa kuti anditenga ndani. Ndinatulutsa foni. Mwana wanga anali atalemba m'mawa uja: "Muli bwanji mum?" Chala chinalemba chokha, "Ndili bwino." Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Sindili bwino. Ndili kuchipatala, andipanga opaleshoni ya mtima. Bwera."

Anali kuntchito, ndipo kumeneko mafoni amawatsekera m'kabati mpaka shifiti itatha. Ndinakhala pampando wa alendo uja, jekete pamiyendo, maso pafoni, kudikira kuti auwerenge.