Mayi Mawaya Aphunzitsa Makina Kuiwala

Dzina loti Mayi Mawaya anamupatsa ndi anzake a kuntchito, kale akukwerabe mapolo, chingwe chili paphewa. Pakampani yogulitsa intaneti imene ankagwirako, mkazi wokwera mapolo anali yekha, ndipo odutsa ankaima n'kumamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Bondo litayamba kumuvuta, anaphunzira za makina otumiza uthenga, ndipo anamusamutsira m'chipinda chozizira cha kuseri kwa ofesi, mmene munali mabokosi achitsulo ong'ung'uza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Kunja dzuwa likuswa mtengo, iye ankanyamuka ndi juzi, moti apongozi ake anafunsapo mwana wawo ngati mkaziyo akudwala.

Bambo ake omubereka ntchitoyi sanaimvetse. Kwa iwo mwanayu anali wa zamagetsi basi, ndipo akapita kukawaona ankapeza simbi yakufa ikumudikira patebulo. Iye ankangoseka n'kuikonza.

Uthenga uliwonse, kaya chithunzi kaya mawu, umadulidwa tizidutswa, ndipo tizidutswato timadutsa m'makina angapo tisanafike kwa mwini wake. Pakampaniyo makina onse a pakati ankayenera kukumbukira njira iliyonse yodzera mwa iwo: ya banki, ya chipatala, ya sukulu. Makasitomala atachuluka, njira nazo zinachuluka, makina n'kuyamba kulemedwa. Chingwe chikaduka penapake, onse ankayamba kufunsana njira zatsopano, uku mafoni a madandaulo akulira ngati ana anjala.

Tsiku lina Mayi Mawaya anakagogoda kwa abwana.

"Bwana, tiyeni tiwaphunzitse makinawa kuiwala."

"Kuiwala? Ine pano ndikusowa okumbukira, inu mukuti chiyani?"

"Akukumbukira zambiri, n'chifukwa chake akutopa. Njira azidziwa ndi makina a pakhomo okha, amene uthenga umalowerapo. Iwowo azilemba pakachidutswa kalikonse malo amene kadzere. A pakati azingowerenga zolembedwa pamwambazo n'kukakankhira kutsogolo, osasunga kanthu."

Abwana anakanda m'mutu. "Zikasokonekera, mukakwera nokha kumwambako kukafotokozera akuluakulu a kampani?"

"Ndikwera, bwana, bondo likalola."

Anayamba ndi chigawo chaching'ono, iye ndi mnzake wa desiki yoyandikana, bambo wanthabwala wosatha kukhala chete. Poyesa koyamba Mayi Mawaya analemba molakwika malo amodzi, ndipo uthenga wopita kusitolo ya kutsidya kwa msewu unakazungulira kumzinda wina wakutali n'kubwerera.

"Achemwali, uthenga wanu uja wapita kukaona abale," anatero mnzakeyo, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. Anakonza limodzi, kenako anasamutsa zigawo zina pang'onopang'ono mpaka zonse zinatha.

M'mawa wina, anthu akumwa tiyi, mu ofesi munalowa dalaivala wa thalakitala yokumba msewu, chipewa kudzanja lina, chiduswa cha chingwe chakuda kudzanja linalo.

"Pepani, akulu, ndikuganiza kuti ichi n'chanu," anatero mwaulemu.

Chinali chingwe chachikulu cha kampaniyo. Abwana anathamangira kuchipinda cha madandaulo, koma anapeza mafoni ali zii. Poganiza kuti nawo afa, anaimba ndi foni yawo ya m'thumba, ndipo ya patebulo inalira bwinobwino. Mayi Mawaya anawaonetsa pakompyuta: makina oyandikana ndi podukapo anali atalembera kale tizidutswa njira yolambalala, moti kubanki ngakhale kuchipatala palibe anaona kusintha. Abwana anakhala pansi, n'kuitanitsa kapu ina ya tiyi kuti dalaivalayo amwe.

Mayi Mawaya atafika kunyumba anapeza mwamuna wake akuanula zovala pachingwe.

"Kwagwanji kuntchito lero, amayi a ana?"

"Palibe."

"Nanga mukumwetuliranji chonchi?"

"N'chifukwa chomwecho, bambo," anatero akulandira beseni. "Palibe chimene chachitika."