Njerwa za Kuseri kwa Nyumba

Ndinaganiza zopita ku Joni m'dzinja limene amayi ankagona chokhala chifukwa denga linkadontha paliponse. Nyumba yathu ku Chinsapo inali ya zidina, ndipo kuseri kwake kunkadutsa mtsinje wa Lilongwe. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense akukamba za ufulu, koma ine ndinkangofuna kuti amayi akalambire m'nyumba ya njerwa zootcha.

Pakati pa nyumba ndi mtsinje malemu bambo anasiya bango, nsungwi ndi mikuyu iwiri. Madzi akadzaza ankafika pamenepo n'kutha mphamvu. Ponyamuka ndinauza mng'ono wanga Wongani kuti asakhudze chilichonse kumeneko.

"Osadandaula achimwene, zonse zili bho," anatero.

Sindinadziwe kuti mutu wa mwanayu ndi wongovalira chipewa.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, kozizira mpaka m'mafupa, ndipo Lamulungu lonse linkatha osalankhula ndi munthu. Ndinkalira, sindibisa. Chondiseketsa chinali chakuti bwanayo ankachita kugula bango, ine n'kumabzala m'mbali mwa kamtsinje kake kuti dothi lisakokoloke. Chimene kwathu timati tchire, kumeneko chinkabwera pa galimoto.

Ndalama ndinkapatsira madalaivala a mathiraki, ndipo Wongani ankayankha pa kaseti. "Nyumba yafika pa windo, achimwene! Anthu akuchita kuima pamsewu!" Kumapeto amayi ankapemphera. Kasetiyo ndinkaimvera mpaka inayamba kukoka mawu.

Ndinabwerako patapita zaka zingapo, mvula ili pakati. Kutsogolo nyumba inalidi yogwira mtima: malata owala, khonde lopaka polishi wofiira. Kenako ndinazungulira kuseri. Panalibe bango, panalibe nsungwi, mikuyu itatsala zitsa. Malo onse anali maenje okhaokha, mtsinje utafika pamaziko. Chipupa cha kuchipinda kwa amayi chinali chitagwera m'madzi, iwo atasamukira kuchipinda choyandikana nacho. Ananditsinina khutu kuti mvula ikayamba amakhala tsonga, nsapato zili kuphazi.

Wongani anafotokoza monyadira ngati wapambana mayeso.

"M'bango muja munkabisala akuba ndi njoka. Kuno ndi ku tauni, achimwene, si kumudzi kwathu ku Rumphi. Dothi la njerwa tinakumba pompano, laulere. Mikuyu ija ndi imene inaotcha uvuni. Takupulumutsirani zambiri!"

"Nanga chipupachi?"

"Apo ndiye pali dzanja la munthu. Nsanje."

Kupusa kwina kumachita kufuna satifiketi. Ndipo sanali yekha. Mzere wonse wa m'mbali mwa mtsinje unali chimodzimodzi, mabwalo osesedwa mbee mpaka kumadzi, azibambo ovala mataye a ku tchalitchi akunamizira anansi awo ufiti. Azibambowo anandiuza kuti mabwana ena anabwerapo ndi mbande, anabzala atavala masuti, anajambulitsa, n'kupita. Mbuzi zinamaliza mwambowo madzulo ake.

Nditanena kuti tibzalenso bango ndi nsungwi, anandiseka pamaso.

"Munthu wochokera ku Joni kudzabzala udzu? Mtengo ukula liti? Ife tikudikira boma litimangire chipupa cha simenti ngati cha kumayadi."

Ndinawanyoza mumtima, ndipo mpaka lero ndimawanyoza. Ndinapita ndekha kumtunda kwa mtsinje kukazula bango, ndinabzala mpaka msana kuwawa, amayi akundiyang'ana pawindo.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa khasu. Ndinapeza Wongani ali matope mpaka m'mawondo, chikombole chili pambali, bango langa atalizula n'kuliunjika bwinobwino kuti lisamusokoneze.

"Ukutani?"

"Njerwa, achimwene. Zokonzera chipinda cha amayi. Simukufuna agone pabwino?"

Dzenje lakelo linali litalowa kale pansi pa chipinda chimene amayi anali asanadzukemo.