Mayi Woyambitsa Nyimbo ku Ekisire

Ntchito yanga kwa zaka zambiri inali yojambula anthu m'chifuwa. Pachipatala chomwe ndinkagwira mu Zomba, chipinda cha ekisire chinali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo tsiku lonse pakamwa panga pankatuluka mawu omwewomwewo: imani apa, tsamiritsani chifuwa pachitsulopo, manja m'chiuno, kokani mpweya wambiri, gwirani pomwepo, pumani. Zosavuta, ngakhale mwana wa sitandade wani angathe. Koma kumuuza munthu wamkulu ndi ndevu zake kuti agwire mpweya kamphindi kochepa chabe, abale inu, ndinkaona zodabwitsa. Wina ankautulutsa wonse m'malo moukoka. Wina ankatembenuka kudzandifunsa ngati waima bwino, pomwe ine ndikudina batani.

Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Filimu ikawonongeka chifukwa munthu wagwedera, ndinkakalipa mpaka omwe ali pabenchi panja ankamva. Zinanditengera nthawi kuvomereza kuti anthu aja sanali ogontha, ankachita mantha. Chipinda chozizira, chopanda zenera, chimakina chili kumsana kwako, malaya wavula, ndiye amene akukuuza kuti palibe choopsa akuthamangira kuseri kwa khoma. Bambo wina wogwira ntchito m'boma, wa taye wake, anandifunsa mosapita m'mbali: "Achemwali, ngati sichipweteka, nanga inuyo mukuthawiranji?" Ndinamuyankha zamwano, koma funso lake linali lanzeru.

Nyimbo zinalowa m'chipindamo mwangozi. Nthawi imeneyo, titangolowa kumene m'zipani zambiri, ndinkachita lendi ku Zakazaka m'nyumba ya chitseko chofooka, ndiye wailesi yanga ya kaseti ndinkapita nayo kuntchito poopa akuba. Ndinali ndi kaseti imodzi yokha, ya kwaya ya amayi, yomwe ndinagula mumsika. Tsiku lina ndinaiwala kuzimitsa polowetsa wodwala, ndipo ndinaona mapewa ake, omwe anali atakwera mpaka m'makutu, akutsika okha. Ndinayesanso kwa wina, chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo munthu akalowa akunjenjemera, ndinkayamba ndatsegula wailesi. Ana a ku koleji ya Chirunga obwera kudzajambulitsa ankandinena kuti ndasandutsa ekisire kukhala tchalitchi, ati ndiziika zovinira. Ndinkawauza kuti akagule makina awoawo azikavinira komweko. Mafilimu owonongeka anachepa, ndipo ine ndinayamba kudzimva kuti ndine katswiri.

Lachisanu lina nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse, m'bokosi munatsala mafilimu awiri okha a chifuwa. Ena tinkayembekezera sabata yotsatira. Cha kumasana kunabwera mayi wachikulire ndi mwana wawo wamkazi, munthu wamkulu ndithu wa ana akeake. Anachokera kuseri kwa phiri, ndipo anatsika wapansi akupumira m'njira. Mayiwo anali atatsokomola miyezi yambiri, thupi litatheratu. Makhololo anawayeza kawiri osapezamo kanthu, ndipo adokotala analemba kuti sangawayambitse mankhwala a chifuwa chachikulu asanaone chithunzi.

Mwana wawoyo anandikokera pambali.

"Achemwali, chonde, zitheke lero. Tawanyengerera kuyambira nthawi yokolola. Abambo anajambulidwa chonchi, sabata isanathe tinawaika m'manda, ndiye amayiwa amati makinawa ndi amene anawamaliza. Akabwerera lero popanda chithunzi sadzabweranso, ndikuwadziwa."

"Musadandaule," ndinatero ine ndi matama anga. "Amantha ndili ndi mankhwala awo."

M'chipindamo mayi aja anavula bulauzi osandiyang'ana. Nditawaimika pachitsulo, mawondo anali kuwombana, thupi lonse njenjenje. Ndinawauza kuti palibe chomwe chiwakhudze. Ndinatsegula wailesi. Nyimbo itangoyamba anapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo ndime yoyamba isanathe kunjenjemera kunali kutasiya. Ndinawakonza manja, ndinalowa kuseri kwa khoma langa, n'kudikira paja kwaya imakhala chete pakati pa ndime.

"Kokani mpweya, amayi. Gwirani pomwepo."

Anagwira bwinobwino. Koma chala changa chikutsika pabatani, woyambitsa wa mukaseti anakweza ndime yachiwiri, ndipo mayi aja, chifuwa chili pachitsulo, anavomera. Osati chamumtima ayi, anavomera ndi mawu onse, mutu ukugwedezeka.

Filimuyo ndinakaitsukabe ngakhale ndinkadziwa. Inatuluka mbuu, nthiti zili pawiripawiri, yosati dokotala n'kuonapo kanthu. Ndinatuluka m'chipinda cha mdima nditafuka ndi mkwiyo.

"Kodi mwabwera kudzaimba kapena kudzajambulitsa? Kuno si kutchalitchi! Ndakuuzani kuti mugwire mpweya, inu mukutsegula kukamwa. Mukuyesa mafilimuwa timatola m'njira eti?"

Anavala bulauzi yawo mosafulumira, anamanga nsalu, natuluka. Mwana wawo anatsala pakhomo, misozi ikutsika koma mawu ake ali bwinobwino.

"Mwawalalatira amayi anga," anatero. "Amayiwa ndi amene amayambitsa nyimbo kwathu, kutchalitchi ndi pamaliro pomwe, kuyambira ine ndisanabadwe. Chiyambireni chifuwachi sanaimbeko. Lero ndi koyamba kuwamvanso."

Manyazi anandigwira, sindinama. Ndinawapeza kumapeto kwa benchi akumanga kathumba kawo, akonzeka ulendo. Pabenchipo panali anthu ena odikira kujambulidwa miyendo ndi manja, onse maso ali pa ine. Ndinagwada pasimenti ndi yunifomu yanga yoyera.

"Amayi, ndalakwa. Pakamwa pangapa m'poipa, aliyense pachipatala pano amadziwa. Koma tandiuzani, munaimbiranji nditakuuzani kuti mugwire?"

Anasiya kumanga kathumba kaja.

"Mwanawe, ine ndayambitsapo nyimbo anthu n'kungokhala chete, kundisiya ndekha m'mwamba. Ndikudziwa mmene zimapwetekera. Ndiye mnzanga wayambitsa, ine ndikumva, ndimusiye?"

"Koma ujatu ndi wa mukaseti, amayi."

"Kaya ali muti, wayambitsa."

Wolakwa ndinali ine. Ndinatenga munthu amene moyo wake wonse wakhala akuyambitsa ndi kuvomera nyimbo, ndinamuikira nyimbo kukhutu, kenako n'kumuuza kuti atseke pakamwa. Enawo ankangomvetsera, ine n'kumayesa kuti aliyense azingomvetsera. Tsopano kunatsala filimu imodzi. Ndikatsegula wailesi avomeranso, ndikaizimitsa anjenjemera, ndipo zonse ziwirizo chithunzi palibe.

Ndili chigwadire, ndinawafunsa chinthu chomwe sindinafunsepo munthu.

"Nanga mukamayambitsa inuyo, mumatani musanatulutse mawu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Umakoka mpweya, kudzaza mpaka umu," anagwira m'nthiti. "Kenako umadikira anthu akhazikike. Sungayambe ena akukoka mabenchi."

"Mumadikira mpweya uli m'kati?"

"Nanga ungautaye? Uyamba ndi chiyani?"

"Ndi umenewotu ndikuufuna! Tiyeni tibwerere, amayi. Wailesi ija ndizimitsa, muyambitse ndinu. Mukoke mpweya umenewo, mudikire mpaka ndinene kuti yambani."

"Avomere ndani?"

"Ine."

Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa, mpaka mwana wawo anawasisita kumsana.

"Inu amene?" anatero atapuma.

"Ine ndi mwana wanuyu. Muyambitse yomwe ija, ndimaimva tsiku ndi tsiku, mawu ake ndikuwadziwa."

Chomwe sindinawauze n'chakuti kusukulu aphunzitsi a kwaya anandipempha kuti ndizingotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Anayang'ana kathumba kawo, anayang'ana mwana wawo, kenako anandipatsa dzanja kuti ndiwadzutse.

Ndinaika filimu yotsiriza. Mwana wawo ndinamuimika panja pa chitseko, chifukwa m'katimo saloledwa munthu wina, ndipo ndinamuuza kuti akangomva avomere mokweza. Wailesi itazima, m'chipindamo munali zii, ndipo mawondo aja anayambiranso. Ndinawakonza manja, ndinapita kuseri kwa khoma, n'kulankhula monga amachitira akulu ampingo.

"Amayi, anthu akhala pansi. Akudikira inu."

Anawongoka. Khosi linatalika, mapazi anaponda mwamphamvu.

"Kokani."

Pagalasi langa laling'ono ndinaona nthiti zakumsana zikutambasuka, kuposa mmene ndinkaganizira kuti chifuwa chotha chonchija chingathere. Kenako phee, osagwedera ngakhale tsitsi. Ndinadina.

"Yambani!"

Mawu awo anali osasa, ong'ambika, koma anakwera ndithu, ndipo mzere woyamba usanathe chifuwa chinawadula. Apo ndinavomera ine ndili kuseri kwa khoma, ndi mawu anga okhotawo. Mwana wawo naye anavomera ali panja pa chitseko. Kenako ndinamva pabenchi paja amayi awiri atalandira, ndi bambo wina wa mwendo wothyoka akuika besi. Mayi aja anatsokomola, anameza, nayambitsa mzere wachiwiri. Tinaimba ndime yonse, ine filimu ili kukhwapa, chifukwa ndinaopa kuchoka asanamalize.

Titamaliza ndinalowa nayo filimu m'chipinda cha mdima. Nditaitulutsa m'madzi ndinaona nthiti iliyonse payokhapayokha, chithunzi choyera bwino kuposa zonse zomwe ndinajambula chaka chimenecho. Kumtunda kwa mapapo onse awiri kunali mawanga omwe ngakhale ine, wosakhala dokotala, ndinawadziwa. Ndinathamanga nayo ikudontha. Adokotala anaiimika pazenera, sanachedwe nayo.

"Agonekedwe lero, ayambe mankhwala."

Mwana wawo ankaopa kuti bedi alikana. Mayiwo anafunsa ine, osati adokotala.

"Makina aja athana nane?"

"Athana nanu, amayi. Simulowamonso lero."

"Ndiye ndigona. Koma mawu, mwanawe, Mulungu anakumanani. Mumalowa ngati mbuzi m'munda mwa eni."

Loweruka ndinapita mumsika kukafuna kaseti ya magitala okhaokha, yopanda woimba, ndipo ndi imene inkalira m'chipindamo kuyambira pamenepo. Ya kwaya ija ndinaibweza kunyumba. Akabwera mayi wa mpango wa kutchalitchi, ndinkayamba ndamufunsa ngati amayambitsa nyimbo, ndipo akavomera, ntchito yanga inkaphweka.

Koma kuwodi kuja sindinapiteko. Ndinkaopa. Ndinkangoganiza za amuna awo, kuti mayiwa nawonso akamwalira sabata isanathe, ndiye kuti ine ndi amene ndinawagwadira kuwabweza ku makina omwe ankawaopa, ndipo kuseri kwa phiri kuja palibenso amene adzatsike kudzajambulitsa. Ndinkadutsa njira yozungulira kuseri kwa khitchini kuti ndisakumane ndi mwana wawo. Sindinafunse namwino aliyense, ngakhale ena tinkamwa nawo tiyi.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina ananditumiza kukasiya zithunzi kuwodi ya amayi, ndipo panalibe wina woti ndimutume. Inali nthawi ya mapemphero a m'mawa, odwala ndi owadikirira atakhala m'mabedi ndi pansi. Ndisanafike pakhomo ndinamva munthu akuyambitsa nyimbo, ina, yomwe sindinkaidziwa. Mawu osasa omwe aja. Ndinaima pakhonde kudikira pomwe chifuwa chiwadulire. Anakwera, anatsika, anafika kumapeto kwa mzere osatsokomola, wodi yonse n'kulandira.

Ndinalira pomwepo, maenvelopu ali m'manja, munthu wamkulu ndi yunifomu yanga. Namwino wina wodutsa ndi thireyi ya mankhwala anaima n'kundifunsa ngati ndalandira uthenga woipa kumudzi. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, munthu akuimba.