Kuthamangira Lipoti Lofiira ku Zingalume

Ndinanyamuka pa boma la Chadiza Loweruka 7 koloko m'mawa, tiyi nditamusiya pambaula. Dzulo lake tinali titatsekera teremu yachiwiri, ndipo ndinali nditawalonjeza mapazi anga kuti fumbi la ku Zingalume, kumene ndimaphunzitsa, adzalipondanso mu Seputembala. Koma m'mamawa ahedi anaimba foni.

"Amadamu, lipoti la Naomi Zimba munalemba ndi chiyani?"

Kwathu kuno makolo ambiri sawerenga manambala a palipoti. Amatambasula pepala n'kufunsa kuti, "Zofiira zingati?" chifukwa aliyense amadziwa kuti phunziro limene mwana walephera timalilemba ndi inki yofiira. Ine bolopeni yabuluu inandithera pa dzina lomaliza m'kaundula wa giredi 6, ndipo chifukwa cha phuma lotsekera ndinangotola yochongera. Naomi, amene anakhala nambala 2 m'kalasi, anapita kwawo ndi pepala lofiira psu kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Atate ake akuti sukulu yamukana," anatero ahedi. "Akumutumiza ku Chipata akalere mwana wa azakhali ake. Akwera lole ya chimanga 2 koloko. Foni yawo sikupezeka, ndipo ine ndili kale m'basi ya ku Lusaka."

Ndinaponya m'chikwama fomu ya lipoti yosalemba ndi kalata ya ahedi yopita kwa makolo, ndipo pagolosale yoyamba kutsegula ndinagula mabolopeni abuluu atatu. Mwini golosale anafunsa ngati mayeso ayambiranso.

Pasiteshoni panali minibasi imodzi. Kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha kuti inyamuke, koma atatu mwa okhalamo ndinawazindikira kuti ndi anzake omwe amangokhalamo kuti iwoneke yodzaza. Ndinamusiya akulumbirabe, n'kukwera kalole kopita kukatenga chimanga. K40, mpando wake mulu wa masaka opanda kanthu. Tinanyamuka itangokwana 8 koloko, mphepo ya Ogasiti ikutimwaza fumbi m'mano.

Tinalimo anthu ngati khumi. Mayi wina wachigwirizano cha amayi a mpingo, atamanga duku mpaka m'nsidze, anandiyang'ana nsapato n'kunena kuti, "Inu ndinu aphunzitsi." Nditavomera, anati mdzukulu wawo anabwera ndi kalata ya kusukulu, koma anakulungiramo zitumbuwa asanaiwerenge munthu. Basi ndinatulutsa yanga, n'kuyamba kuwerenga mokuwa kuti ndipose injini.

Nkhani yoti mjigo wa pasukulu wakonzedwa anailandira ndi m'manja. Yoti atsikana athu a mpira wamanja anagonjetsa sukulu yoyandikana nayo, mayi aja anaimbira nthungululu mpaka dalaivala anasuzumira. Yoti kukubwera mphunzitsi watsopano wa giredi 1, bambo wina anafunsa ngati ndi wokwatiwa. Koma nditafika poti mudzi uliwonse uumbe njerwa za kalasi yatsopano patchuthi chino, onse anayamba kuona mitengo.

"Injiniyi ikusokosa, amadamu," anatero bambo uja. "Pamenepo sitinamve bwino."

Ndinaseka nawo, komabe maso anali pawotchi.

Cha m'ma 10 koloko anandisiya pamphambano, chifukwa kaloleko kankakhotera kwina. Ndinagula zitumbuwa zitatu za K1 chimodzi ndi kapu ya thobwa, n'kumwa choimirira. Kenako ndinapeza njinga yakapalasa yonyamula anthu, K25. Mwini wake anati njinga yake siinagonepo panjira. Inagona tsikulo, titangowoloka dambo, tayala lakumbuyo litaphwa. Anaitembenuza miyendo m'mwamba n'kuyamba kufunafuna pobooka ndi malovu, ndipo nditaona kuti pabooka patatu, ndinatsanzika n'kuyamba wapansi.

Ndinayenda pafupifupi ola lathunthu. Minda inali mbee, mapesi okhaokha, ndipo pakhomo lililonse anthu anali pa ntchito yotong'ola chimanga kapena kuswa nsawa. Njira yonse ndinkadzitukwana. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa, ndikuwauza ana kuti asamachite zinthu mothamanga.

Itadutsa 12 koloko ngolo inandipeza. Woyendetsa anali a Tembo, kholo la m'kalasi mwanga, ndipo anandikweza pamwamba pa matumba a nsawa osafuna ndalama.

"Wanga anabwera ndi zofiira ziwiri zokha," anatero monyada. "Chaka chatha zinali zisanu. Koma za mwana wa a Zimba mwamva? Akuti pepala lonse ngati anapherapo nkhuku."

"Ndine ndinalakwitsa, atate. Mwana uja anakhoza zonse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira ng'ombe zawo n'kuzikalipira ngati zolakwa ndi izo. Ngolo ija inathamanga mmene sindinaonerepo ngolo ikuthamanga, ndipo msana wanga ukukumbukabe.

Tinafika 1 koloko itapitirira ndi theka. Lole inali itaima pansi pa mtengo wa mango, amuna akukwezamo matumba omaliza. Naomi anakhala pambali, atakumbatira kamtolo komanga m'chitenje. Atandiona anaimirira monga timachitira m'kalasi, kenako anayang'ana pansi.

A Zimba ndi bambo wamtali, wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo. Anandipatsa mpando, koma ine ndinagwada pansi, chifukwa mlandu unali wanga. Tinapatsana moni wonse, wa kunyumba, wa ana, wa mphepo, dalaivala wa lole akuliza hutala. Kenako ndinafotokoza za bolopeni.

Anatulutsa lipoti lija m'thumba la jekete, n'kulitambasula pabondo.

"Ndiye kuti zofiira zonsezi n'zabodza?"

"Manambalawo ndi oona, atate. Inki ndiyo yolakwika. M'kalasi monse wamuposa ndi mwana mmodzi yekha."

Nditaganiza kuti akwiya, ndinakonzeka kulandira, koma iwo analankhula motsitsa.

"Mwanayu anandiuza. Kawiri konse. Ine ndinamuuza kuti atseke pakamwa, aphunzitsi sanama."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ndinayala fomu yatsopano pathumba la chimanga n'kuyamba kulembanso ndi yabuluu, phunziro lililonse ndikulitchula pamodzi ndi malikisi ake. Nditamaliza, a Zimba anaimirira n'kuitana amuna okweza matumba aja, ndi amayi amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe.

"Amadamu, bwerezani. Dzulo ndinalengeza ndekha pano kuti walephera. Amve onse."

Ndinabwereza. Pa masamu a Tembo anaombera m'manja ali pangolo, ndipo amake Naomi anavina pang'ono ndi lichero m'manja. Dalaivala anafunsa ngati wokwera wake akupitabe. A Zimba anangomukupiza ndi dzanja ngati akuingitsa nkhuku, kenako anandifunsa tsiku lotsegulira, ndiponso kuti njerwa zija za m'kalata ya ahedi akufuna zazikulu bwanji.

Anandipatsa mbatata yootcha ndi kathumba ka nsawa, ndipo ndinapempha malo kutsogolo kwa lole yomweyo kuti inditule pamsewu wa ku boma. Ndikudikira kukwera, ndinaona Naomi akumasula kamtolo kake pakhonde. Munali madiresi awiri ndi sopo. Pansi penipeni, zobisidwa bwino, panali yunifolomu yochapa ndi makope ake onse a giredi 6.

"Unkapita nazo kuti zimenezi?" ndinamufunsa.

"Ndimati mwina mwana akagona ndiziwerenga, madamu."

Ife aphunzitsi timadandaula kuti makolo samvera zonena zathu, koma tsiku limenelo ndinaona bambo akukhulupirira cholemba changa kuposa pakamwa pa mwana wake, ndipo zinandiopsa. Ndinafika pa boma dzuwa likupendeka, fumbi mpaka m'makutu, n'kukoleza mbaula kuti nditenthetse tiyi wam'mawa.